Anandilembera malungo chifukwa matenda anga sakwana pa fomu

Andipatsa chenjezo lomaliza kuntchito chifukwa cha malungo amene sindinadwale. Inde, mwawerenga bwino. Sindinadwale.

Ine ndine Lusiya, mai a Tereza, wa kwa Ndamera kuno ku Nsanje. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa depoti ya kampani ina yogula chitowe ndi nandolo. Ntchito yanga ndi kusoka matumba kukamwa akadzaza, kenako kuwakoka kukawaimika pa mzere. Kuwerama, kusoka, kukoka. Kuyambira 7 koloko mpaka 4 koloko. Dzina la kampani sinditchula, ndikadali ndi ana a sukulu. La chipatala nalonso ndilisunga. Eni ake akudzidziwa.

Zaka zinayi zapitazo thupi langa linayamba kuwawa. Osati mwendo wokha kapena msana wokha. Lonse. Khosi, mapewa, m'chiuno, ntchafu, mpaka zikhatho. Mwana wanga akandikumbatira ndimachita kuluma mlomo kuti asadziwe. Ndimagona bwinobwino koma n'kudzuka wotopa ngati ndaswera kudimba. Kunabwera mutu waching'alang'ala. Kunabwera m'mimba, lero kutsegula, mkuja kudzimbidwa. Kunabwera kuiwala, moti tsiku lina ndinaima pakati pa msika osakumbukira chimene ndadzagula. Ndipo pali masiku amene ndimangolira popanda wondiputa.

Anthu ananena zonse. Ena amati ndinaponda mankhwala. Ena amati ndikubisa kachilombo. Ndinayezetsa kangapo, ndilibe. Apongozi anga amati ndi ulesi wa akazi olandira malipiro.

Chaka chino mlamu wanga wa ku Blantyre ananditengera kwa dokotala wamkulu woona za mafupa ndi minyewa. Mai wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono. Anandimvetsera pafupifupi ola lathunthu. Anandiyeza magazi, nanditsindika apa ndi apo, nandifunsa za tulo, za mimba, za mtima wanga. Kenako anatchula dzina: fibromyalgia.

Anandiuza mosabisa. Anati matendawa sakupha, sadya mafupa, sakulumalitsa. Koma anatinso sachoka msanga. Ndikhala nawo zaka zambiri, mwina moyo wanga wonse. Nyengo zina adzachepa mpaka ndidzaiwala, nyengo zina adzabwera ndi ukali. Mutu uja, mimba ija, tulo tosapumitsa ndi kukhumudwa kuja anati zimakonda kuyendera limodzi ndi matendawa mwa anthu ambiri, ndipo chilichonse chimafuna chisamaliro chake. Anandipatsa kam'bulu kakang'ono komwa madzulo, nati ndiziyenda pang'ono tsiku lililonse.

"Ntchito musasiye," anatero. "Kungokhala kumawonjezera ululu. Koma yokoka matumbayi isinthe."

Analemba zonsezi m'kalata, nadinda sitampa. Ndinatsika mapiri pobwerera kwathu ku chigwa ndikumwetulira ndekha mu minibasi. Munthu kusangalala chifukwa wauzidwa kuti sadzachira! Koma amene anakhalapo zaka zinayi akutchedwa wabodza andimvetsa.

Pa depoti pathu pali ntchito ya pa tebulo, yoyang'ana ngati chitowe chili choyera chisanalowe m'matumba. Umakhala pa mpando, ukatopa umaima. Mai amene amagwira pamenepo anali kupuma ntchito kumapeto kwa mwezi. Ndinatenga kalata yanga kupita kwa a Semba, bwana woona za antchito.

A Semba anaiwerenga, naiyamikira. Anati yalembedwa bwino kwambiri, Chingerezi chake n'chakupsa. Koma kampani siidziwa. Kampani imadziwa fomu yake, yodzazidwa ku chipatala cha pulayiveti chimene inagwirizana nacho ku Chikwawa, komwe kuli likulu lathu. Fomu ikhale pa tebulo pawo pofika Lachisanu, apo ayi malo a pa tebulo aja apatsa wina.

Chabwino. Lamulo ndi lamulo.

Lolemba ndinanyamuka 5 koloko m'mawa. Kabaza mpaka pa boma, kenako minibasi. Tengani, Bangula, Ngabu, Nchalo, kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Tinali anayi pa mpando wa atatu, thumba la mapira lili pa mapazi anga. Kutentha kwa Okotobala mukukudziwa, sindikufotokozerani. Ndinafika pa chipatala 9:40, thupi lonse likuyaka.

Pa windo panali mtsikana wovala bwino, foni kukhutu. Ndinamupatsa moni. Anakweza chala kuti ndidikire. Ndinadikira mphindi khumi ndi ziwiri, ndikumvetsera nkhani ya nsalu za ukwati wa mnzake. Buluu anakana, akufuna yofiirira. Atamaliza anayang'ana fomu yanga osaigwira.

Anati mafomu a makampani amadzaza Lachitatu lokha.

Ndinafunsa kuti zalembedwa pati. Pa fomu palibe. Pa khoma palibe. Anati aliyense amadziwa. Ndinati ndachokera kwa Ndamera, kufupi ndi malire. Anati, "Ndiye bwererani msanga, mai, minibasi zisanathe."

Malangizo abwino bwanji! Mwana woganizira anthu.

Ndinabwerera. Lachiwiri ndinalephera ngakhale kutukula mutu pa pilo. Kuntchito anandilemba kujomba.

Lachitatu ndinapita ndi amuna anga, bambo a Tereza, kuti azinditchinga mu minibasi anthu asamandigunde. Tinafika 9:15. Anandipatsa nambala 6. Ndinati lero zatheka.

Nambala 7 analowa. Nambala 8 analowa. Nambala 11 analowa, natuluka, nagula fanta, napita kwawo. Cha m'ma 11:30 bambo a Tereza anapita kukafunsa. Nesi anasuzumira pa benchi, nandiyang'ana kuyambira mpango mpaka nsapato.

"Ndi amenewo? Koma akuoneka bwinotu. Tikuyamba ndi odwala."

Ndaphunzirapo kanthu, abale anga. Popita ku chipatala chimenechi musasambe. Musachite kusita chitenje. Ine kulakwa kwanga kunali kudzola mafuta.

Benchi yake ndi thabwa lopanda potsamira. Ndikakhala, m'chiuno mumabaya. Ndikaima, miyendo imanjenjemera. Ndinatha maola anayi ndikusinthasintha ngati munthu wa nyerere m'chovala. Mutu unayamba kugunda mbali imodzi. Kuchimbudzi ndinapita kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndimathamanga pobwerera kuopa kuti andiitana ndili kumeneko. Ndinadzivutitsa chabe.

Ndinalowa 1:20. Adokotala ake ndi bambo wamng'ono kwa ine, wa tayi, fani ikuwomba iwo okha. Ndinawapatsa fomu pamodzi ndi kalata ya ku Blantyre. Kalata ya masamba awiri anaiwerenga nthawi imene munthu amatenga poyetsemula.

"Fibro... eya, mafaibuloidi. Zotupa za m'chiberekero. Pitani ku sikani."

Ndinati ayi adokotala, si zimenezo, tawerengani mpaka pansi.

Anavula magalasi. "Mai, dokotala ndi ndani muno?"

Funso labwino. Mpaka lero ndikulifunsabe.

Ndinapita ku sikani. Anandimwetsa madzi makapu asanu, nandiuza kuti ndisakodze. Munthu wa m'mimba ngati mwangamu. Ndinadikira mphindi makumi anayi nditapanikiza miyendo. Anayeza. Zotupa palibe. Ananditumiza ku labu, anandibaya chala, anatenganso magazi pa mkono. Malungo palibe. Magazi okwanira.

3:10 ndinabwerera kwa adokotala, bambo a Tereza ali pambuyo panga. Anayang'ana mapepala, nasekerera.

"Nkhani yabwino, mai. Mulibe matenda."

Ndinati adokotala, a ku Blantyre ananena kale kuti matendawa saoneka m'magazi kapena pa sikani, ndipo zalembedwa pa tsamba lachiwirilo. Ndinayamba kufotokoza. Thupi kuwawa, mutu, m'mimba, tulo...

Anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Chimodzichimodzi. Lero mwabwera ndi chiyani? Sankhani chimodzi."

Ndisankhe? Ngati ndili pa kaunjika? Nanga zinazo ndizisiye panja pa benchi zindidikire? Zinakwera nane minibasi zonse pamodzi kuchokera kwa Ndamera, palibe chinatsika pa Bangula.

Anatembenuza fomu kuti ndione. Anandiloza mzere umodzi waufupi, pamene pamalembedwa matenda. Pansi pake kabokosi: tsiku limene wodwala akuyembekezeka kuchira. Anati iwo sangasiye kabokosi kopanda kanthu, kampani imabweza fomu yotero.

Ndinati tsiku lochira palibe. Ndi matenda okhala nawo. Chimene ndikupempha si tchuthi, ndi kusintha ntchito basi. Kalata ikunena zomwezo.

"Ndiye ndilembe chiyani? Mpaka Ambuye adzabwere?"

Anaseka yekha. Kenako anawerenga mzere umodzi m'kalata muja, woyamba kuuwerenga ndi mtima wonse tsiku limenelo.

"Apa akuti sakupha. Sawononga mafupa. Nanga vuto lili pati, mai? Anzanu panjapo ali ndi matenda enieni."

Apa ndiye anatembenukira kwa amuna anga, natsitsa mawu ngati ine ndatuluka.

"Bambo, kunyumba kuli mtendere? Azimayiwa akasowa chikondi thupi limawawa."

Bambo a Tereza ndi munthu wofatsa, mlimi wa mpunga, sakonda mikangano. Ndi amene amanditungira madzi masiku amene manja akana. Ndi amene anaphunzira kuphika ali ndi imvi, anzawo akuwaseka. Koma apa Chichewa chinawathawa, anayankha m'Chisena.

"Nkhabe. Panyumba palibe vuto. Mkazi wanga akudwala."

Adokotala anayang'ana wotchi. Anati afuna andithandize, chifukwa ndachokera kutali ndipo iwo ndi munthu wachifundo. Alemba malungo. Malungo aliyense amawadziwa, palibe bwana amafunsa mafunso. Ndipuma masiku atatu, ndikhala nditachira pofika Loweruka, kabokosi kadzaza, tonse tisangalala.

Pepala la ku labu lonena kuti ndilibe malungo linali pansi pa chigongono chawo.

Apa ndinene zoona, chifukwa sindinabwere pano kudzadziyeretsa. Ndikanakana. Ndinadziwa kuti ndi bodza. Koma nthawi inali 3:35. Mutu unali ukugunda moti ndimaona timagetsi m'maso, ndipo maganizo anachita chifunga chija chimene chimandigwira ndikatopa. Fomu imafunika Lachisanu. Lachitatu lina kunalibe. Ndinayang'ana amuna anga. Anandinong'oneza kuti, "Tenga, Lusiya. Kalata ya ku Blantyre a Semba anaiona kale. Akufuna sitampa chabe."

Ndinavomera. Analemba. Anasaina. Ndipo ine, mwana woleredwa bwino, ndinagwada pang'ono n'kunena m'Chisena kuti takhuta. Ndinathokoza! Izi ndi zimene zimandiwawa kuposa mapewa.

Sitampa inali mu diloo yokiya. Kiyi anali ndi mtsikana wa pa windo uja. Mtsikanayo anali atapita ku msika. Anabwera 4:10 ndi jumbo ya tomato, nadinda fomu yanga dzanja lina lili ndi chimanga chootcha. Anandipatsanso mankhwala a malungo kuti zigwirizane ndi fomu. Ali m'kabati mpaka pano, osatsegula. Amene akuwafuna asabwere, ndikawabweza kwa eni ake.

Lachisanu 7:30 ndinaika fomu pa tebulo la a Semba. Anaiwerenga, napuma mpweya waukulu.

"Malungo? Ambuye alemekezeke, mai a Tereza. Ine ndimaopa kuti ndi zazikulu."

Ndinati koma kalata ija munaiona. Anati kalata ndi kalata, fomu ndi fomu. Malungo safuna kusintha ntchito. Ndipite ndikapume, Lolemba ndibwere ndi mphamvu. Malo a pa tebulo anapatsa munthu wina masana omwewo.

Lolemba ndinabwerera ku matumba. Ndinakoka. Lachiwiri ndinakoka. Lachitatu cha m'ma 10 koloko zala zinakana kugwira singano. Inagwa, ndinatola, inagwanso. Nditawerama kachitatu msana unakana kuwongoka. Ndinakhala pa thumba la chitowe pamaso pa anthu onse n'kuyamba kulira ngati mwana. Kapitawo ananditumiza ku ofesi.

Ndinawauza a Semba zonse, mmene ndakuuzirani inumu. Ndimaganiza kuti zoona zindipulumutsa.

Anatulutsa mapepala onse awiri, nawayala pa tebulo. Anati limodzi mwa awiriwa ndi labodza. Ndinati eya, la malungolo, ndipo analemba ndi chipatala chanu chomwe. Anati iwo sanaone amene analemba. Anaona amene anabweretsa.

Sabata yatha anandiitana pamaso pa mabwana atatu, awiri ochokera ku likulu. Mlandu wake unatenga mphindi zisanu ndi zitatu.

Munadwala malungo? Ayi.

Munabweretsa fomu yonena kuti munadwala malungo? Inde.

Munadziwa kuti ndi yabodza? Inde, koma...

Anati "koma" sakumufuna. Mmodzi wa iwo anafunsa kuti matenda anga enieniwo dzina lake n'chiyani. Nditatchula anati, "Amenewo ndi a azungu, afika bwanji kwa Ndamera?" Anzake anaseka. Mwina anabwera pa kabaza, bwana. Sindinawafunse.

Anandipatsa chenjezo lomaliza. Ndikajomba tsiku limodzi lokha popanda pepala la chipatala chawo chija, ntchito yatha. Ine amene dokotala wamkulu anandiuza kuti masiku oipa adzabwerabe, chaka chino, chaka chamawa, ndi zaka zina kutsogoloko. Tereza ali fomu 3. Mng'ono wake akulemba mayeso a sitandade 8 chaka chamawa. Mpunga wa bambo awo umadalira kuti Shire wasefukira motani. Ntchito iyi ndi imene imagwira nyumba yathu.

Panopa ndikupulumukira kwa anzanga. Mai Fatima ndi azimayi ena awiri a pa mzere wathu anagwirizana okha. Iwo amakoka matumba anga, ine ndimasoka awo nditakhala pa chidebe chovundikira. Kapitawo akamadutsa amayang'ana kudenga, ngati malata achita chinachake chodabwitsa. Mulungu awadalitse anthu amenewa. Anachita m'mphindi zisanu zimene dokotala wa tayi ndi mabwana atatu analephera m'mwezi wathunthu. Koma si udindo wawo, ndipo kapitawo akadzasinthidwa zidzathera pomwepo.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho.

Inu a chipatala, munthu akabwera ndi kalata ya dokotala wamkulu yokhala ndi dzina limene simukulidziwa, chovuta n'chiyani kunena kuti sindikulidziwa, dikirani ndifunse? Nambala ya foni inali pamwamba pa kalata. Foni munali nayo, ndinaiona, munayankhapo mameseji kawiri ndili momwemo. Ndi anthu angati ena amene mwawalembera malungo chifukwa ndi osavuta kulemba? Nanga lamulo loti wodwala asankhe matenda amodzi munalitenga kuti? Amene ali ndi shuga ndi BP mumamuuza abweretse shuga lero, BP mawa?

Inu a kampani, fomu yanu imadziwa anthu a mitundu iwiri yokha, ochira ndi akufa. Ife amene tili pakati, amene tikhoza kugwira ntchito zaka zina makumi awiri mutangotipatsa mpando, tilembedwe pati? Ndipo ngati fomu yabodza ndi mlandu, bwanji woinyamula walangidwa koma woilemba akadali ndi kontilakiti yanu?

Kwa inu anzanga amene thupi limawawa chaka ndi chaka koma magazi amatuluka oyera, makamaka azimayi anzanga a kuno ku chigwa, mverani ine amene ndapsa. Simukunama ndipo simuli aulesi. Funani dokotala amene angakhale pansi n'kukumvetserani. Muuzeni zonse, mutu, mimba, tulo, ngakhale misozi imene mumabisa, chifukwa nazonso zili ndi thandizo lake. Ndipo wina akakuuzani kuti akulemberani matenda ena kuti akuthandizeni, kanani. Ngakhale minibasi yomaliza ikuimba hutala panja, kanani. Iye adzasaina n'kupita kwawo. Pepalalo lidzatsala m'manja mwanu.

Dzulo 10:05 ndinaimba foni ku chipatala kuja. Ndimafuna adokotala aja alembe mizere iwiri yokha, yovomera kuti malungo aja anali maganizo awo, kuti mwina chenjezo langa lifufutidwe. Anayankha ndi mtsikana wa pa windo. Ndinamuzindikira, amatafuna chinachake.

Anati adokotala kulibe sabata yonse ino. Ndinafunsa kuti apita kuti.

Anati ali ku hotelo ku Blantyre, ku wekishopu ya kasamalidwe ka anthu odwala matenda a mgonagona.

Ndinakhala chete. Iye anaganiza kuti netiweki yadula, nayamba kukuwa kuti halo, halo. Kenako anawonjezera, monyadira ndithu, kuti si kukaphunzira ayi.

Apita kukaphunzitsa.